Miyala yobiriwira ku Neno, akuti muli kopa ndi golide, odziwa za miyala tiuzeni zoona

WaKuChilomoni

Moni nonse abale anga. Nkhani yanga ndi iyi. Amalume anga kumudzi ku Neno, cha kumbali ya Lisungwe uko, ali ndi munda m'mphepete mwa kaphiri kena kake, ndye mvula itakokolola dothi panatsala chigwembe chachikulu, m'chigwembemo mukuoneka miyala yobiriwira, ina yabuluu pang'ono, komanso nsangalabwi yokhala ndi tinthu tachikasu tonyezimira. Mwana wa amalumewo anaijambula nkuiponya pa WhatsApp, basi zithunzi zinayenda mpaka zinafika kwa bambo wina wa mtauni muno amene amati amachita za migodi. Bamboyo anapitako, anatola miyala m'thumba, akuti anaitumiza ku labu ku Joni, pano wabwera ndi pepala lolembedwa Cu 6% ndi Au 2 g/t, akuti malowa ndi porphyry ngati aku Chile ndipo tagona pa chuma. Akufuna banja lathu lisonkhe ndalama ya laisensi komanso amalume asaine pepala lopereka mundawo kuti tikhale ndi masheya. Ine ndimagulitsa zitsulo za magalimoto ku Ginnery Corner, za miyala sindidziwa kanthu, koma kumudzi onse akuyang'ana ine poti ndine wa mtauni. Manambala amenewa akutanthauza chani? Nanga porphyry yo ndi chani, ilipodi kuno kwathu? Chonde amene munaphunzira zimenezi musatibisire.

Jiyo_waSoche

Achimwene a ku Chilomoni, zikomo pofunsa musanatulutse ndalama. Ine ndinaphunzira za miyala ndipo ndagwirako ntchito ya exploration, yofufuza miyala ya migodi, ndye ndiyankha motalika pang'ono, mundipirire.

Tiyambe ndi mwala wobiriwirawo. Ngati ndi wobiriwira kwambiri ndipo ukukhala ngati utoto wopakidwa m'ming'alu ya mwala, nthawi zambiri ndi malachite, wabuluuwo ndi azurite, yonse iwiri ndi miyala ya kopa. Imapangika pamwamba pomwe, madzi a mvula ndi mpweya zikadya mwala wa kopa wa pansi monga chalcopyrite, kopa uja amasungunuka, kuyenda m'ming'alu nkukaumanso. Ndiye nkhani yake ndi iyi, malachite yekha payekha ali ndi kopa pafupifupi 57%, kutanthauza kuti munthu akasankha dala mwala wobiriwira kwambiri pamalopo nkuutumiza ku labu, 6% kuipeza si nkhani yovuta ayi. Nambalayo ikhoza kukhala yoona ndithu koma ikunena za mwala umodzi womwe uja basi. Ife timaitcha grab sample. Zili ngati kuthyola chimanga cha pachulu nkumauza anthu kuti munda onse wabereka choncho. Chomwe timafuna kudziwa ndi chakuti mwala wa kopawo ndi wotambalala mamita angati, watalika bwanji, walowa pansi mpaka pati, ndipo mukaphatikiza wabwino ndi woipa womwe giredi yake, kutanthauza kuchuluka kwa kopa mumwalamo, ikutsala bwanji. Pepala la bambo wanuyo siliyankha ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa.

Za manambala, Cu ndi kopa, Au ndi golide. 1% ya kopa ndi makilogalamu 10 a kopa mu tani imodzi ya mwala. g/t ndi magalamu pa tani, ndye 2 g/t ndi magalamu awiri a golide mu makilogalamu 1,000 a mwala, oti muuphwanye, muugaye mpaka usanduke ufa kenaka mumuchotsemo ndi mankhwala. Migodi ikuluikulu ya kopa padziko pano yambiri ikukumba mwala wosafika ndi 1% yomwe, imapindula chifukwa mwalawo ulipo matani mamiliyoni mazanamazana. Ndiye kamtsempha kakang'ono ka 6% kotambalala ngati dzanja kakhoza kukhala kopanda phindu pomwe phiri lonse la 0.5% ndi mgodi wa zaka makumi.

Pa porphyry mpomwe ine ndakayikira kwambiri. Porphyry imapangika kumene chigawo chachikulu cha mwala wa pansi pa nyanja chikulowa kunsi kwa chinzake, chiphalaphala chamoto nkukwera mpaka kuima makilomita ochepa chabe kunsi kwa nthaka, madzi otentha otuluka m'menemo nkuswa mwala wozungulira nkusiya timitsempha tambirimbiri topingasana tokhala ndi kopa, golide nthawi zina molybdenum. Nchifukwa chake mumaipeza m'mapiri a Andes monga Escondida ku Chile, komanso kwina monga Grasberg ku Indonesia ndi Oyu Tolgoi ku Mongolia. Miyala ya kuno kwathu kummwera, ku Kirk Range ndi kuzungulira Blantyre, yambiri ndi gneiss yakalekale ya Basement Complex, yomwe inaphikidwa pansi kwambiri zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, za pamwamba pake zinakokoloka kale. Porphyry poti imakhala chapamwamba, pa miyala ngati yathuyi imakhala kuti inapita ndi madzi kalekale ngati inalipo nkomwe. Golide wa ku Lisungwe ndi wodziwika kuyambira nthawi ya atsamunda, zimenezo sizachilendo, koma amapezeka m'mitsempha ya nsangalabwi ndi mumchenga wa m'mitsinje. Munthu wobwera ndi thumba limodzi la miyala nkumatchula Chile, ine ndingamufunse kuti mapu ake a miyala ali kuti.

AChisale_Kitwe

Jiyo wanena zoona. Ine ndakhala ku Zambia nthawi yaitali, ndimayendetsa makina obowola, poyamba ku Copperbelt kenaka ku Solwezi, pano ndinabwerera ndili ku Machinjiri kuno. Ndiwonjezere za momwe zimakhalira pa malo oti kampani ikufufuzadi, kuti mufananitse ndi bambo wanuyo.

Poyamba pamabwera anyamata ndi GPS ndi timatumba, kuyenda mizere yowongoka kudutsa m'minda ndi m'tchire momwe, pakapita mamita angapo kukumba kadzenje kutenga dothi, kulemba nambala, mpaka masampulo mazanamazana. Ena amatenga mchenga m'timitsinje. Zikabwera kuchokera ku labu amaika pa mapu nkuona mbali yomwe kopa wakwera. Kenaka amabwera a mawaya aja, amakhoma zitsulo pansi nkulowetsa magetsi, amati IP, imaonetsa pomwe pali miyala ya sulphide, monga chalcopyrite uja, pansi. Akatero amakumba ngalande zodula mtsemphawo mopingasa. Ife obowola timabwera kumapeto, chifukwa kubowola ndiye kodula kwambiri, amalipira pa mita ndipo ndi madola. Timatulutsa mwala wobulungira wautali, core, nkumauyala m'mabokosi motsatana momwe watulukira, jiyolojisti amabwera ndi botolo la madzi ndi kagalasi kokulitsira, kunyowetsa core ija nkumayang'ana mita ndi mita akulemba, kenaka amaicheka pakati ndi sowo, theka kupita ku labu theka kusungidwa mu shedi kuti wina akakayikira adzayezenso. Ndipo m'masampulomo amaikamo dala ena opanda kanthu ndi ena odziwika kale giredi yake kuti aone ngati labuyo ikunena zoona.

Ndakhalapo pa malo oti pamwamba pobiriwira ngati pathiridwa penti, tonse mitima ili m'mwamba, kubowola dzenje loyamba lachiwiri lachitatu osapeza kanthu, pansi mwala woyera wopanda pake, kampani nkupakira katundu kumapita. Malo ambiri ofufuzidwa safika pokhala mgodi, ndi ochepa kwambiri amene amafika.

China choti mudziwe, anthu amakonda kunena kuti Zambia ndi pafupi ndye kopa wawo wafikanso kuno. Ayi. Kopa wa ku Copperbelt ali mu miyala ya Katanga, yomwe inali matope ndi mchenga wa pansi pa nyanja yakale, inayalana nkupindika kuchokera ku Zambia kulowa ku Congo. Kansanshi ku Solwezi, komwe kampani ya First Quantum imakumba kopa ndi golide pamodzi, ilinso m'miyala yomweyo. Ku Neno kulibe miyala imeneyo.

NaBanda_Bangwe

Ine za ma porphyry sindilowererapo, ndikufuna ndilankhule za mundawo. Achimwene, amalume anu asasaine chilichonse, ndikupemphani. Mchimwene wanga anapita ku Makanjira nthawi ija anthu anakhamukira kumeneko kukasaka golide ku mitsinje, anagulitsa njinga yamoto yomwe amapangira kabaza kuti apeze mpamba. Anabwera ataonda, chifuwa chosatha, golide amene anapeza anathera kugula chakudya konko ndi kulipira eni malo. Amatiuza kuti maenje amakumbidwa moyandikana opanda chotchinjiriza, mvula ikagwa dothi limagumukira anthu, ndipo amasakaniza mekyule ndi manja m'beseni kenaka kuotcha pa supuni akupuma utsi womwewo. Mekyule imeneyo imaononga ubongo ndi impso, ikalowa mumtsinje imakathera mu nsomba zomwe ana akudya.

Chomwe chimandiwawa nchakuti mbiri ikangomveka kuti pamunda pa auje pali golide, simuchitanso kuitana anthu, amabwera okha usiku ndi mapiki. Munda wa amalumewo udzasanduka maenje okhaokha, bambo wa masheyayo adzakhala ali ku Blantyre kuno foni atathimitsa. Zithunzi zija muwauze achotse pa status, ndipo amfumu adziwe kuchokera kwa inu eni ake asanamve kwa ena.

WaKuChilomoni

Zikomo kwambiri nonse, achemwali a ku Bangwe mawu anuwo ndawatumiza kwa amayi momwe alili. A Jiyo ndifunsenso, nanga tachikasu tonyezimira mu nsangalabwimo si golide ameneyo? Mwala umodzi ndili nawo kunyumba kuno, ndikauika padzuwa ukuwala zedi. Palibe njira yoti ndiuyeze ndekha ndisanapite kwina kulikonse? Komanso pepala la labulo ndingadziwe bwanji kuti ndi lenileni?

Jiyo_waSoche

Njira zilipo ndipo sizifuna ndalama. Tengani singano kapena nsonga ya mpeni mukande kachikasuko. Golide ndi wofewa, amabonyoka nkutambalala osasweka, ndipo mtundu wake sumasintha kaya muli padzuwa kaya pamthunzi. Pyrite, mwala wachikasu wooneka ngati golide, ndi wolimba, mpeni sumukanda, nthawi zambiri amakhala timabokosi ta makona anayi, mukamumenya ndi hamala amasweka nkusanduka ufa wakuda. Chalcopyrite ndi wachikasu chozama kuposa pyrite, mpeni umamukanda koma amanyenyeka, ufa wake ndi wakuda mobiriwira, nthawi zina amakhala ndi mitundu yapepo ndi yabuluu pamwamba. Pali wina amene wapusitsa anthu ambiri m'mitsinje, mica, timapepala topyapyala tonyezimira tomwe timang'ambika ndi chikhadabo. Mukhozanso kukhutiza mwalawo kuseri kwa tayilosi komwe kulibe galasi, golide amasiya mzere wachikasu, enawo mzere wakuda. Ndipo mukasinja mwala mu mtondo wachitsulo nkutsuka ufawo m'beseni pang'onopang'ono, golide poti ndi wolemera kuposa madzi ka 19 amatsalira pansi penipeni, pyrite amalemera ka 5 kokha ndye amayenda msanga. Kunena mosabisa, mwala wa 2 g/t nthawi zambiri golide wake saoneka ndi maso, ndye ngati chikuwala kwambiri chonchi ine ndikuganiza pyrite kapena chalcopyrite. Sizoipa ayi, golide amakonda kubisala m'miyala yomweyo, koma amene angakuuzeni kuchuluka kwake ndi fire assay basi, njira ya ku labu yoyezera golide posungunula mwala pamoto.

Wobiriwirawo sinjani pang'ono, muike m'kapu ndi viniga, mugoneke, mawa lake muikemo msomali wopala bwino. Msomali ukafiira ngati waya wa magetsi ndiye kuti kopa alimodi. Ukapanda kusintha mwina ndi epidote kapena chlorite, miyala yobiriwira yomwe ili mbwee m'ma gneiss athuwa ndipo ilibe kopa.

Za pepalalo, satifiketi yeniyeni ya labu imakhala ndi dzina la labu, nambala ya ntchito, tsiku lomwe analandira masampulo, kulemera kwa sampulo iliyonse ndi njira yomwe anayezera. Itanani labuyo pa nambala yomwe mwaipeza nokha pa intaneti, osati yomwe wakupatsani iyeyo. Koma ngakhale pepala likhale lenileni, labu imayeza chomwe yapatsidwa, sidziwa komwe mwala wachokera. Mu 1997 kampani ya ku Canada ya Bre-X inagwa anthu ataluza ndalama zankhaninkhani, zitadziwika kuti pa malo awo a Busang ku Indonesia amathira golide m'masampulo asanapite ku labu. Ngati ngakhale mabanki akuluakulu anapusitsidwa, ife tisachite manyazi kukayikira.

Mbadwa_yaNdirande

Koma abale inu ophunzira mumatifooketsa bwanji. Nthawi zonse Mmalawi akapeza kanthu mumati palibe, mawa lake mzungu kapena Mchaina akubwera pamalo omwewo nkutenga laisensi. Kayelekera anakumba ndani? Kangankunde ku Balaka ali ndi ndani? Songwe ku Phalombe? Kasiya? Onsewo ndi makampani akunja, ife timangoonera magalimoto akudutsa. Mwina bambo ameneyu ndi wakuba, sindikumudziwa, koma musanene ngati kuti ku Neno kulibe kanthu. Boma linaulutsa ndege ya kauniuni dziko lonse lino, zotsatira zake anthu wamba tinaziona liti? A ku Chilomoni musagone, chuma chili pamunda pa amalume anu chisadzadyedwe ndi ena inu mukuyang'ana.

Jiyo_waSoche

Akulu a ku Ndirande, mkwiyo wanuwo ndikuumva ndipo mbali ina ndikugwirizana nanu. Sindinanene kuti ku Neno kulibe kanthu, ndanena kuti golide wa ku Lisungwe ndi wodziwika kale. Ndipo kopa pamodzi ndi golide kuno kummwera aliko, kungoti m'miyala ya mtundu wina. Ngala Hill, kummwera kwa Blantyre kulowera ku chigwa cha Shire, kuli mwala wakuda wolemera wa ultramafic womwe muli palladium, platinum, golide ndi kopa, makampani akhala akufufuzako kuyambira zaka za m'ma 1990 ndipo mu 2023 kunalowa DY6 Metals ya ku Australia. Zaka zonsezi mgodi sunatsegulidwe. Kayelekera yomwe mwatchulayo uranium wake anapezeka m'zaka za m'ma 1980, kampani ya Paladin inadzatsegula mgodi mu 2009, nkuimitsa mu 2014 mitengo itagwa. Makampani akunja amatenga malowa chifukwa ali ndi ndalama zoti akhoza kutaya pobowola maenje opanda kanthu, amazisonkhetsa pa msika wa masheya ku Australia kapena ku Canada kwa anthu odziwa kuti zikhoza kupita. Ndalama ya banja la ku Neno, yogulitsa mbuzi ndi nandolo, siyoyenera kulowa pamenepo. Amene amandikwiyitsa ine ndi anzathu omwe amatenga mkwiyo ngati wanuwu nkuugwiritsa ntchito pobera anthu a kumudzi, amvekere tiyeni tichite tokha Amalawi, ndalama nkulowa m'thumba mwawo.

Za kauniuni, ndege zija zinauluka cha mu 2013 ndi 2014, zotsatira anazikhazikitsa mu 2015 ndipo zili ku Geological Survey Department ku Zomba. Ndege ija sinkaona golide kapena kopa, imayeza mphamvu ya maginito ya miyala, ma radiation ndi kulemera kwa miyala ya pansi, ndye imathandiza kuona ming'alu ikuluikulu ndi mitundu ya miyala, pofufuza mpoyambira chabe. Kuti anthu wamba sanafotokozeredwe bwino m'Chichewa, pamenepo ndiye mukunena zoona, ndipo nchifukwa chake mphekesera zimachuluka.

AChisale_Kitwe

A ku Chilomoni, ndikanakhala ine ndikanachita chonchi. Loweruka likubwerali kwerani basi mupite nokha kumudzi, musamuuze bambo uja. Pa chigwembepo pezani pomwe mwala uli wokhazikika pansi, osati wogubuduka kuchokera kuphiri, muyeze ndi tepi kuti mtsemphawo watambalala bwanji ndipo walunjika kuti. Kenaka ndi hamala ndi chizulo gobani kanjira kowongoka kodula mtsemphawo kuchokera mbali ino kukafika mbali inayo, tizidutswa tonse tigwere pa saka yoyera, obiriwira ndi osabiriwira omwe, musasankhe. Mita iliyonse thumba lakelake, lembani nambala, jambulani chithunzi, tengani location pa foni. Yendaninso kumtunda ndi kumunsi muone ngati mwala womwewo ukutulukanso pena, makamaka mwala wofiira ngati dzimbiri wokhala ndi timabowo, umenewo timati gossan ndipo umasonyeza kuti pansi panali sulphide. Matumbawo mupite nawo ku Zomba ku Geological Survey, kumeneko kuli anthu oti akangougwira mwala akuuzani dzina lake, muwafunsenso mapu ndi malipoti akale a dera la Lisungwe chifukwa dera limenelo linayendedwa kale.

Musanapereke ngakhale tambala ya laisensi, dziwani kuti mwalamulo miyala ya pansi ndi ya dziko, mwini munda ali ndi ufulu pa nthaka ya pamwamba ndi chipukuta misozi ngati wina akufuna kugwirapo ntchito. Pali lamulo la Mines and Minerals Act la 2023 ndipo malaisensi amadutsa ku Mining and Minerals Regulatory Authority ku Lilongwe. Mufunse kumeneko kapena muone pa mapu a cadastre, oonetsa malaisensi a migodi, pa intaneti ngati malowo alibe kale mwini laisensi, chifukwa madera odziwika ngati Lisungwe nthawi zambiri amakhala kuti wina anatenga kale, ndye mukhoza kusonkha ndalama ya chinthu choti sichingatuluke. Bambo uja mumufunse nambala ya laisensi yake kapena ya application yake, ndi satifiketi ya kampani yomwe akuti mukhalemo ndi masheya. Zikapezeka kuti golide alipodi wokwanira kukumba pang'onopang'ono, pali laisensi ya small-scale yoti banja kapena kopaletivu ya m'mudzimo ikhoza kutenga m'dzina lawo, ndipo mu 2021 Reserve Bank inayamba kugula golide kudzera ku Export Development Fund, simufunika munthu wapakati. Ngati mulibe chizulo chabwino ndilembereni ku inbox, ndili nacho pamodzi ndi hamala ya miyala, mudzatenge ku Machinjiri musananyamuke.